Foni Ikamaduka pa Sekondi 32, Musanamizire Netiweki

Ndatopa nawo mawu akuti "netiweki ya kuno ku Dedza njovuta, mapiri achuluka." Mapiri alipodi, koma phiri silidziwa kuwerenga masekondi. Ngati foni za mu ofesi yanu zoyendera pa intaneti zimaduka mukangolankhula pang'ono, tengani wotchi muyese kangapo. Zikamaduka pa sekondi 32 nthawi zonse, kawirikawiri vuto lili pa seva yanu, kompyuta imene imalumikiza mafoniwo, ndi amene anaikonza.

Mafoni amenewa amagwirizana kudzera mu SIP, njira yotumizirana mauthenga oyambitsa ndi othetsa kuimba, yomwe malamulo ake analembedwa mu chikalata cha RFC 3261 m'chaka cha 2002. Foni yoimba imatumiza uthenga wa INVITE, woyankha amabweza wa 200 OK, ndipo woimbayo ayenera kuvomereza kuti waulandira potumiza wa ACK. Popeza uthenga umatha kutayika m'njira, woyankha amabwereza 200 OK uja, koyamba patatha theka la sekondi, kenako motalikitsa mpaka masekondi 4. Theka la sekondilo ndi nthawi yotchedwa T1, ndipo malire odikira ndi T1 kuchulukitsa ka 64. Ndiwo masekondi 32 aja. ACK ikapanda kufika, woyankha amayesa kuti mnzake kulibe, amatumiza uthenga wothetsa kuimba wa BYE, foni n'kuduka. Chosokoneza anthu n'chakuti mawu amakhala akumveka bwinobwino mpaka podukapo, pakuti mawu amayenda njira yawoyawo ya RTP.

Nanga ACK imasochera kuti? Tinene kuti seva ili mu ofesi pa boma la Dedza, nthambi ili ku Ntcheu. Sevayo ili kuseri kwa rauta ndipo adiresi yake ndi ya m'nyumba, monga 192.168.1.20. Poyankha imalemba adiresi yomweyo pa mzere wa Contact, umene umauza foni inayo kumene itumize mauthenga otsatira. Foni ya ku Ntcheu imakhulupirira, n'kutumiza ACK ku adiresi imene pa intaneti kulibe. Tsegulani sngrep, pulogalamu yoonetsa mauthenga a SIP, pa seva, muimbe kamodzi. Mukaona 200 OK itandandalika mobwerezabwereza popanda ACK pansi pake, mwapeza nthendayo.

Mankhwala ake ndi awa. Ngati seva yanu imayendera pulogalamu ya Asterisk ya PJSIP, mu gawo la transport lembani external_signaling_address, external_media_address ndi local_net. Pa endpoint iliyonse yakunja ikani rewrite_contact=yes, force_rport=yes, rtp_symmetric=yes ndi direct_media=no. Amene mukukoperabe zitsanzo za chan_sip, njira yakale ya SIP mu Asterisk, pa masamba akale, dziwani kuti inachotsedwa mu Asterisk 21. Ngati imayendera pulogalamu ya Kamailio, INVITE yoyamba idutse pa record_route(), mauthenga otsatira pa loose_route(), mawu muwapatse rtpengine.

Achinyamata amene mukulemba pulogalamu yanuyanu ya seva, apa m'pamene mumagwa kawirikawiri. ACK ya 200 OK si mbali ya transaction ya INVITE. Imakhala ndi branch yatsopano pa Via, imalunjika ku Contact ya woyankha, ndipo imatsata mizere ya Record-Route mobwerera chammbuyo. Mukaisanja monga inabwerera, ACK idzagogoda pa seva yolakwika. Yankho lililonse libwezeni ku adiresi ndi port kumene pempho lachokeradi, osati zimene foni yadzilembera. Ndiyo ntchito ya received ndi rport.

Za vuto lina la mawu kumveka mbali imodzi yokha sindichulukitsa gaga: yang'anani mzere wa c= mu SDP, gawo la uthenga lonena kumene mawu apite, ndipo pa Asterisk onetsetsani kuti ma port a UDP 10000 mpaka 20000 akufika pa seva. SIP ALG, gawo la rauta limene limasintha maadiresi m'mauthenga a SIP, izimitseni osafunsa. Imati ikuthandiza, koma imalembanso mauthenga molakwika.

Intaneti ya pa SIM khadi ili ndi vuto lake. Nthawi zambiri adiresi imene rauta yalandira imakhala yogawana ndi anthu ena, monga yoyamba ndi 100.64, ndiye kutsegula port pa rautayo sikuphula kanthu. Seva ikhale pa adiresi yapoyera, kapena lumikizani maofesi ndi VPN, njira yotetezedwa yodutsa pa intaneti, monga WireGuard. NAT, imene imasintha adiresi ya m'nyumba kukhala yapoyera, imaiwalanso msanga njira ya UDP, pamene REGISTER, uthenga umene foni imadzilembetsera pa seva, ikhoza kukhala masekondi 3600 isanabwerezedwe. N'chifukwa chake foni ya ku nthambi imatha kuimba koma osaimbiridwa. Pa Asterisk ikani qualify_frequency=25 kuti njirayo isatsekeke.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi akatswiri oyendayenda ndi laputopu m'chikwama. Mukawaitana, salowa n'komwe mu sngrep. Amaika seva pa DMZ, kutanthauza kuti rauta ilole chilichonse chochokera kunja kufika pa sevayo, port 5060 ya SIP n'kukhala yosatseka kwa dziko lonse, foni n'kusiyadi kuduka, inu n'kuwathokoza ndi ya thiransipoti pamwamba. Nambala 101 pasiwedi yake 101, nambala 102 pasiwedi yake 1234. Pa intaneti pali makina amene amasaka port 5060 usiku ndi usana, ndipo ena mumawaona m'ma log akudzitchula kuti friendly-scanner. Akangolowa, amadikira Loweruka usiku, ofesi ili zii, n'kuimba manambala odula a kunja mazanamazana pa akaunti yanu. Bilu yake ndi yanu, ndipo bungwe la alimi a mbatatesi a ku Lizulu kapena Tsangano likhoza kutaya phindu la nyengo yonse Lolemba lisanafike. Katswiri uja foni yake siyipezekanso. Ena mwa omwewa amanyengerera anthu kuti aike kabokosi ka ma SIM ambiri kolowetsera mafoni akunja mozemba. Umenewo ndi mlandu, ndipo a MACRA, bungwe loyang'anira zamtokoma, mafoni ndi wailesi m'dziko muno, saseka nawo.

Musadikire kuti mwezi uthe. Lero lomwe chotsani seva pa DMZ, port 5060 ilole maadiresi okhawo amene mukuwadziwa, pasiwedi iliyonse ikhale ya zilembo zosakanikirana zosachepera 16, ndipo ikani fail2ban, pulogalamu yotsekereza amene akuyesayesa mapasiwedi. Mu dialplan, malamulo a seva onena manambala ololedwa kuimbidwa, tsekani manambala oyamba ndi 00 kwa aliyense amene ntchito yake siyifuna kuimba kunja. Wokonza akabwera, asanagwire chilichonse, muuzeni akuonetseni pa sikirini pamene ACK ikusochera.