Mtima ukakhuthala, sikani imatiuza chiyani?

Pa 26 June 2003, Marc-Vivien Foé wa timu ya Cameroon anagwa pakati pa bwalo ku Lyon akusewera ndi Colombia, ndipo sanadzukenso. Ataunika thupi lake anapeza hypertrophic cardiomyopathy, kapena kuti HCM, matenda omwe minofu ya mtima imakhuthala mopitirira muyeso. Ndi akumtundu: kholo likakhala nawo, pafupifupi theka la ana ake akhoza kutengera. Amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 500 aliwonse, koma ambiri amafika nawo mpaka kuukalamba. Ndiye ntchito yathu ife achipatala ndi kuzindikira amene ali pachiopsezo cha imfa yadzidzidzi, ndipo chida choyamba ndi echo.

Echo ndi sikani ya mtundu womwewo amaunikira amayi oyembekezera. Mumagona chakumanzere, timapaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kumayendetsa kachida pakati pa nthiti. Palibe jakisoni.

Choyamba timayeza khoma la chipinda chachikulu chakumanzere cha mtima. Mwa munthu wabwinobwino silipitirira mamilimita 11 kapena 12. Likafika 15 timaganizira HCM, kapena 13 ngati m'banjamo muli kale wodwala. Likafika 30, chiopsezo cha imfa yadzidzidzi chimakwera. Koma apa tisamale, chifukwa BP yokwera kwa zaka zambiri, yomwe ili ponseponse kwathu kuno, nayonso imakhuthalitsa mtima, ndipo awa ndi matenda ena.

Pomwe ine ndimachedwapo kwambiri ndi pakhomo potulukira magazi. Khoma lokhuthala limapanikiza njirayo, ndipo mtima ukafinya, valavu ya mitral, kachitseko ka pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere, imakokedwa n'kukatsekanso mbali ina. Magazi amatuluka mwaliwiro ngati madzi mukapana paipi ndi chala. Liwirolo limatiuza kusiyana kwa mphamvu ya magazi mbali ziwiri za pamalo opanikizikawo. Kukafika 30 mmHg (muyeso womwewo timayezera BP) timati njira yatsekeka. Kukafika 50, munthu n'kumabanikabe ngakhale akumwa mankhwala, timayamba kukamba zochepetsa khomalo, monga pochita opaleshoni. Vuto lake, ambiri akagona phee pabedi sizioneka. N'chifukwa chake timakuuzani kuti mugwire mpweya n'kukankha ngati muli kuchimbudzi, kapena muimirire, kapenanso mupalase njinga ya m'chipatala. Sikani yomwe wodwala sanavutitsidwe chonchi, kwa ine ndi yosakwanira.

Chipinda chapamwamba chakumanzere chikatambasuka, chimasonyeza kuti mtima wakhala ukuvutika kudzaza, ndipo chimachenjeza za kugunda kosalongosoka komwe kumabweretsa sitiroko.

Pali nambala imodzi yomwe imanyenga. Pa HCM mtima umaoneka ukupopa mwamphamvu, ndipo wodwala akamva choncho amapita kwawo mtima uli m'malo. Komatu mtima wokhuthala umauma. Umafinya bwino koma sumasuka kuti ulandire magazi. Gawo la magazi lomwe umatulutsa pa kugunda kulikonse likatsika pansi pa 50 peresenti, zomwe pa matenda ena tingati n'zapang'ono, pa HCM ndiye kuti matenda afika patali.

Mu 2014 bungwe la European Society of Cardiology linayamba kulimbikitsa njira yowerengera chiopsezo cha imfa yadzidzidzi m'zaka 5 zikubwerazo. Mwa zinthu 7 zomwe imafunsa, zitatu zokha ndiye zimachokera ku echo: khoma, chipinda chapamwamba, ndi kutsekeka kwa njira. Zotsalazo ndi zaka zanu, kukomoka kosadziwika chifukwa, kugunda koopsa kojambulidwa ndi kachipangizo kovala, ndi wachibale amene anamwalira mwadzidzidzi. Yankho likafika 6 peresenti timaganizira zoika ICD, kachipangizo kokhala pansi pa khungu komwe kamadzidzimutsa mtima ukasokonekera.

Choncho mukamabwera, funsani akuluakulu kumudzi za malume aja anangogwa kumunda ali mnyamata. Tikapeza HCM, makolo, abale ndi ana anu nawonso aunikidwe, ndipo ana azibwerezedwa pamene akukula, poti khomalo nthawi zambiri limayamba kukhuthala akamatha msinkhu.