Kiriketi ndi khomo lopapatiza la maiko ang'onoang'ono

Tiyi wamalonda adayamba kulimidwa kuno ku Mulanje cha m'ma 1891, ndipo azungu a m'maesiteti atachuluka adamanga makalabu awo kuno ndi ku Thyolo. Masewero a Angerezi monga kiriketi adakhazikika m'makalabu otere komanso pakati pa amwenye a ku Limbe ndi Blantyre. Agogo athu othyola tiyi ndi ogwira thangata analibe malo m'menemo. Mpira wamiyendo udafala chifukwa mwana wa pa Chitakale amangotola majumbo ndi luzi n'kumanga wachikulunga. Kiriketi imafuna thabwa lomenyera, mpira wolimba wachikopa, zotchinjiriza miyendo ndi bwalo losalala, zinthu zomwe pamudzi sizipezeka.

Kwa zaka zambiri Malawi idalibe timu yakeyake pamipikisano ikuluikulu. Inkaphatikizidwa ndi Zambia, Tanzania ndi Uganda m'timu ya East and Central Africa, ndipo idalowa payokha m'bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse la ICC mu 2003.

Chaka chomwecho Kenya idafika m'masemifainolo a World Cup, itagonjetsapo kale West Indies mu 1996. Aliyense ankati maiko ang'onoang'ono atulukira poyera. Koma akuluakulu sadaipatse Kenya masewero okwanira, kwawonso kudabuka mikangano ya utsogoleri, timu ija n'kulowa pansi. Ireland idakwapula Pakistan mu 2007 ndi England mu 2011, koma ICC idachepetsa matimu a World Cup kufika pa 10 okha mu 2019 ndi 2023. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa timu singakule ngati ikukumana ndi akatswiri kamodzi pa zaka zinayi. Ndalama zambiri zimatheranso kwa maiko 12 amene ndi mamembala okhazikika a ICC, ena onse n'kumagawana zotsala.

Mpumulo wabwera ndi T20, kiriketi yaifupi yotha m'maola atatu. Kuyambira Januwale 2019 masewero a T20 a amuna pakati pa mamembala onse a ICC amawerengedwa kuti ndi apadziko lonse, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anyamata athu adalandira Mozambique pa Kwacha Cup n'kupambana. Uganda, yomwe kale inali m'gulu limodzi ndi ife, idagwetsa Zimbabwe mu 2023 n'kukafika ku T20 World Cup ya 2024 ya matimu 20, komwe idagonjetsa Papua New Guinea. Kumeneko USA idadabwitsa Pakistan, Afghanistan n'kufika m'masemifainolo.

World Cup ya 2027 idzachitikira kwa anansi athu, ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia, ndipo matimu adzakhala 14. Awiri oyambawo malo awo ndi osungika kale. Namibia, ngakhale ndi mwini bwalo, idauzidwa kuti idutse kaye m'mipikisano yachipulula poti si membala wokhazikika.