Zigubu ndi makatoni a mkaka: kuzigwiritsanso ntchito popanda kuika banja pa ngozi

M'nyumba zambiri chigubu cha mkaka kapena cha chambiko sichitayidwa mkaka ukatha. Mawa lake mupeza muli thobwa, mafuta ophikira ogula moyeza, kapena madzi a mwana opita nawo kusukulu. Palibe cholakwika, ndipo zimachepetsa zinyalala. Koma chigubu chomwechi chimadwalitsa anthu chikatsukidwa mwachidule, ndipo chimapha chikasungira zinthu zosayenera.

Parafini ndi mankhwala asalowemo

Tiyambe ndi chimene chimatenga moyo msanga. Mwana wa zaka ziwiri sawerenga zolembedwa. Iye amadziwa kuti m'chigubu choyera chija mumachoka chakumwa, basi. Parafini amaoneka ngati madzi, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala mwana waludzu akapeza botolo pansi pa tebulo amangopendeketsa. Chimodzimodzi petulo, mankhwala opopera mbewu, a anankafumbwe, a makoswe ndi otsukira m'chimbudzi. Zonsezi zizikhala mmene zinagulidwira, zotseka bwino, pamwamba pomwe mwana safika. Kulemba ndi makala kapena cholembera kuti "poizoni" kumathandiza akuluakulu okha.

Mwana akamwa parafini, musamusanzitse. Apa ndi pomwe makolo ambiri amalakwitsa chifukwa cha mantha ndi chikondi. Parafini amawononga kwambiri akalowa m'mapapo, ndipo posanza ndi pomwe amalowerako mosavuta. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a mchere. Muvuleni zovala zomwe zanyowa, musambitseni ndi sopo, kenako thamangirani naye kuchipatala mutatenga chigubucho kuti adokotala aone chomwe wamwa. Pitani ngakhale akuoneka bwinobwino, chifukwa kutsokomola, kupuma mofulumira, kutentha thupi ndi kufooka zimatha kuyamba patapita maola angapo.

Chigubu chomwe munakhalapo mankhwala kapena parafini chasiya kukhala chiwiya cha chakudya mpaka kalekale. Pulasitiki imamwa zinthu zimenezi, ndipo sopo sazichotsa zonse. Chibooleni pansi kuti wina asadzachitole n'kuthiramo madzi akumwa.

Katsukidwe kake

Mkaka uli ndi mafuta omwe amamatirira m'makona, m'chogwirira ndi m'mizere ya pakamwa pomwe chitsekerero chimazungulira. Tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timaswana m'zotsalira zimenezi mofulumira kwambiri kukatentha. Choncho tsukani tsiku lomwelo, musadikire kuti chiyambe kununkha.

Yambani ndi kutsukuluza ndi madzi ozizira, chifukwa madzi otentha kwambiri amaumitsa mkaka n'kuumatiza ku pulasitiki. Kenako thirani madzi ofunda a sopo, tsekani, khutchumulani mwamphamvu. Pomwe dzanja silifika gwiritsani ntchito kaburashi ka mabotolo. Mchenga umachotsadi zomata, koma umakanda mkati, ndipo m'mikwingwirima imeneyo ndi momwe litsiro limabisala ulendo wotsatira. Chitsekerero chitsukidwe pachokha. Pomaliza tsukuluzani ndi madzi otetezedwa, ikani chigubu mozondotsa pa thandala chili chotsegula mpaka chiume gwa. Chigubu chotsekedwa chikadali chonyowa chimachita chuku.

Chikauma chinunkhizeni. Ngati fungo la mkaka wosasa likadalipo, ngati chang'aluka, kapena mkati muli timadontho takuda tosachoka, chisasungirenso chakudya.

Amene mumagulitsa thobwa, maheu kapena madzi ozizira m'mabotolo ogwiritsidwa kale ntchito, nkhaniyi ikukukhudzani koposa, pakuti botolo lotoledwa m'msewu simudziwa yemwe anamwera kapena chomwe anasungiramo. Mliri wa kolera womwe unayamba m'Malawi mu 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo kolera amayenda kudzera m'madzi, chakudya ndi manja osasamba. Madzi otsukira ndi ophikira akhale owiritsa kapena othira klorini. Tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo la mankhwalawo kapena womwe alangizi a zaumoyo akuuzani, ndipo dikirani mphindi 30 musanawagwiritse ntchito.

Pansi pa chigubu pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala. Zigubu za mkaka zambiri zimakhala ndi 2, mabotolo oonekera mkati a madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi amakhala ndi 1. Mabotolo a 1 amakhwinyata mukathiramo zotentha, ndiye thobwa lizizire kaye.

Katoni si chigubu

Katoni ya mkaka wokhalitsa imaoneka ngati pepala chabe, koma inapangidwa mosanjikiza: pepala lolimba, timapepala ta pulasitiki, ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kotchinga kuwala ndi mpweya. N'chifukwa chake mkakawo umakhala miyezi pa shelefu osawonongeka. Mukangotsegula, chitetezo chimenecho chatha: ikani mufiriji n'kumaliza m'masiku ochepa monga alembera pa katoniyo, ndipo ngati mulibe firiji mumwe tsiku lomwelo.

Mkati mwa katoni simuonekera ndipo simutsukika mokwanira, choncho isasungire madzi akumwa kapena phala la mwana. Ntchito yake yabwino ili kudimba. Iduleni pakati, tsukuluzani, boolani pansi, thirani dothi losakaniza ndi manyowa, mufesemo tomato, mpiru kapena mitengo. Mbande zikakula ng'ambani katoniyo n'kuokera ndi dothi lake lomwe.

Ntchito ina ya chigubu yomwe tikulimbikitsa ndi mpondagiya. Chigubu chokhala ndi chogwirira, chobooledwa kabowo kamodzi pafupi ndi kukamwa, chomangiriridwa pa mitengo iwiri ndi chingwe chopita ku kamtengo kopondapo, chimapatsa banja posambira m'manja pochoka kuchimbudzi popanda kugwira chigubucho ndi manja akuda. Pambali pake pakhale sopo kapena phulusa.

Zotsala zisapite pamoto

Ambiri timayatsira mbaula ndi timapepala ta pulasitiki kapena zidutswa za katoni chifukwa zimagwira moto msanga. Utsi wake umalowa m'chifuwa cha yemwe waweramira mbaulayo ndi cha mwana ali kumsana, ndipo umavutitsa kwambiri odwala mphumu. Pulasitiki yosungunuka ikadontheranso pakhungu imamatirira n'kuotcha mozama. Yatsirani ndi timitengo touma, zitsononkho kapena udzu.

Zisatayidwenso pabwalo kapena m'ngalande. Chigubu chodulidwa chikatsala chagada nthawi ya dzinja chimasunga madzi, ndipo mitundu ina ya udzudzu imaikira mazira mmenemo n'kukhwima pasanathe masabata awiri. Zomwe zagwera m'ngalande zimatseka njira ya madzi, madziwo n'kusefukira m'makomo atasakanikirana ndi zonyansa.

Zomwe simukuzifuna tsukuluzani, umitsani, phwanyani kuti ziphwatalale, n'kuzisunga m'thumba lapadera osasakaniza ndi zotsala za chakudya, kuti zisaitane ntchentche ndi makoswe. M'matauni muli anthu otolera pulasitiki yolimba kukagulitsa kwa oisungunula, ndipo amafuna yoyera. Abale okhala ku South Africa kapena ku Britain, funsani khonsolo ya dera lanu, chifukwa zigubu zimalandiridwa m'malo ambiri pomwe makatoni amalandiridwa m'madera ena okha.