Dzina la pabokosi: mmene makina ndi mankhwala ankagulitsidwira m'nthawi ya atsamunda

Tsiku lina kufamase kumene ndimagwira ntchito kunabwera mayi wina ndi kapepala ka kuchipatala. Ndinawapatsa paracetamol wa m'kathumba koyera. Anautembenuzatembenuza, kenaka n'kundibwezera. "Iyayi adokotala, ndipatseni weniweni uja, wa m'kabokosi." Ndinawauza kuti mankhwala ake ndi amodzimodzi, mamiligalamu 500 omwewo, kusiyana kwake ndi bokosi ndi mtengo basi. Anandimvetsera mwaulemu wonse, koma anatulutsabe ndalama ya wodulayo. Za udokotalazo ndinasiya kalekale kuwongolera anthu. Aliyense wovala choyera ndi adokotala.

Mayiwa sindiwaseka. Kukhulupirira dzina la pabokosi kuposa zimene zili m'kati n'chizolowezi chochita kuphunzitsidwa, ndipo amene anachiphunzitsa anatayirapo ndalama zankhaninkhani. Chinafika kuno pa sitima zomwe zija zinabweretsa makina osokera ndi njinga zakapalasa.

Tiyambe ndi ulendo wa katunduyo. Mu 1878 anthu a malonda a ku Glasgow anakhazikitsa kampani imene pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes Corporation, ndipo anatumiza abale awiri, John ndi Frederick Moir, kuti adzayendetse ntchito kuno. John ankavala magalasi, choncho makolo athu anangomutcha Mandala, dzinalo n'kumatirira kampani yonse. Nyumba yawo ya mu 1882 ikadalipo ku Blantyre. Katundu ankachoka ku Britain pa nyanja yamchere, n'kulowa mu Zambezi, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1890 ankatsitsidwa pa doko la Chinde. Kuchoka apo ankakwera ndi Shire pa sitima zing'onozing'ono mpaka pamene mathithi ankatsekera njira. Kuyambira pamenepo galimoto yake inali mutu wa munthu. Amtengatenga ankasenza zonse kukwera mapiri a ku Chikwawa. Ngakhale sitima ya amishoni ya Ilala, mu 1875, inachita kuphwasulidwa zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kuisenza kulambalala mathithiwo. Njanji ya pakati pa Nsanje ndi Blantyre inatsegulidwa mu 1908, ndipo mlatho wa pa Zambezi unadikira mpaka 1935.

Taganizani tsono ngati ndinu wamalonda. Makina ndi olemera, amafuna anthu ambiri owasenza, amachita dzimbiri m'njira, ndipo kachitsulo kamodzi kakathyoka mudikira miyezi kuti kena kabwere. Pamene mibulu ya mankhwala, munthu mmodzi akhoza kusenza timabokosi tambirimbiri m'kreti imodzi, osawola, osafuna sipeya. Phindu lopepuka linali m'kretimo.

Koma makina anali ndi khalidwe limodzi limene ndimalilemekeza: sankatha kunama. Makina osokera akapanda kusoka, wogula amaona pomwepo. N'chifukwa chake ogulitsa makina ankakakamizika kukhala pa ubale wautali ndi wogula. Kampani ya Singer ndi imene inatchukitsa njira yogula pang'onopang'ono, kuyambira mu 1856: upereke kangachepe, utenge makina, uzilipira mwezi ndi mwezi, ukalephera adzalanda. Wogulitsa motero sangathawe, ayenera kukhala ndi singano, mafuta, malamba ndi munthu wodziwa kukonza. Makina ambiri amene ankapita m'mayiko olamulidwa ndi Britain ankachokera ku fakitale yaikulu ya ku Clydebank, pafupi ndi Glasgow. Ngati muli ndi Singer yakale kunyumba ndipo nambala ya mtundu wake ili ndi chilembo K, monga 15K kapena 99K, dziwani kuti K ameneyo akuimira Kilbowie, malo amene panali fakitaleyo. Ya agogo anga aamuna, amene anali telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye, ikusokabe. Maluwa agolide aja anafufutika pamene pankatsamira dzanja lawo, lamba tinasintha kangapo, koma mukaponda chopondera chija imalira monga kale. Njinga za Raleigh za ku Nottingham nazonso n'chimodzimodzi: mbiri yake inkayenda chifukwa anthu ankaziona zikupirira misewu yathu.

Botolo la mankhwala lilibe umboni wotero. Chimfine chimatha chokha pa sabata imodzi, mutu umaleka wokha, m'mimba mumakhazikika mokha. Munthu akamwa chilichonse pa tsiku lachitatu, pofika lachisanu ndi chiwiri amayamika botolo. Akapanda kuchira amati matenda ndiwo anali aakulu. Uku wogulitsa wapambana, uko wapambananso.

Mankhwala amenewa Angerezi ankawatchula kuti patent medicines, ndipo dzinalo palokha ndi chinyengo choyamba. Patent ndi chilolezo chimene boma limapereka kwa munthu amene watulukira chinthu chatsopano, kuti ena asamubere nzeru kwa zaka zingapo. Koma kuti uchilandire uyenera kulemba poyera mmene chinthucho chimapangidwira. Eni mankhwalawa ankaopa zimenezo kuposa moto. Ambiri mwa iwo analibe patent n'komwe. Chimene ankalembetsa ku boma chinali dzina ndi chizindikiro cha pabokosi, zosakaniza zake n'kukhala chinsinsi. Boma la Britain nalo linkatolera msonkho pa mankhwala oterewa kuyambira mu 1783, ndipo umboni woti msonkho walipidwa unali kapepala ka chidindo cha boma komatidwa pa bokosi. Wogula wosadziwa akaona chidindocho ankati boma layeza mankhwalawo n'kuwavomereza. Boma silinayeze kanthu. Linangolandira yake.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuuza ophunzira ndi Beecham's Pills, mibulu ya ku St Helens imene inkagulitsidwa m'mayiko ambiri a ufumu wa Britain. Posatsa malonda ankati kabokosi kamodzi n'koyenera gini yathunthu, ndiye kuti mashileni 21. M'sitolo za ku Britain kankagulidwa shileni imodzi ndi khobidi limodzi ndi theka. Khobidi ndi theka linalo ndiye msonkho wa chidindo uja. Mu 1909 bungwe la madokotala la British Medical Association linafalitsa zimene akatswiri ake anapeza atapima mankhwala achinsinsiwa. M'mibulu ya Beecham munali zinthu zitatu: utomoni wowawa wa chomera cha mtundu wa alovera, ufa wa jinja, ndi sopo. Inde, sopo. Anawerengera kuti zosakaniza za kabokosi konse mtengo wake unali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a khobidi. Ndiye kuti wogula ankalipira mtengowo kuchulukitsa ka 100 n'kupitirira. Kuti mumve kulemera kwa shileni masiku amenewo, kumbukirani kuti msonkho wa nyumba umene unkathamangitsa makolo athu kukagwira ntchito m'minda ya azungu unali mashileni 3 pachaka m'zaka za m'ma 1890. Timabokosi titatu, msonkho wa chaka wapyola.

Tsono apa ndi pamene pali nzeru yeniyeni ya amalondawa, ndipo ndimaivulira chipewa ngakhale ndimadana nayo. Utomoni wa alovera umatsegula m'mimba. Munthu akamwa madzulo, m'mawa kusanache wayamba kale kuthamangira kuseri. Waona ndi maso kuti mankhwala agwira ntchito. Mbulu unapeza njira yotsanzirira makina: kuonetsa ntchito pompopompo, ngakhale ntchitoyo isakhudzane ndi matenda amene munthu akudwala. N'chifukwa chake mankhwala ambiri a nthawi imeneyo anali otsegula m'mimba, koma pa pepala atalemba kuti amachiza mutu, chiwindi, magazi oipa, kufooka, mavuto a amayi, kaya chiyaninso. Ndipo kwa ife sanavutike kutikopa, poti tinali kale ndi chikhulupiriro chakuti mankhwala owawa ndiwo amphamvu ndiponso kuti m'mimba mumafunika kutsukamo nthawi ndi nthawi. Mpaka lero ndimalandira anthu ofuna "otsuka m'mimba" pamene vuto lawo ndi kuthamanga kwa magazi.

Ena anafika pochita kupeka nthano. Kampani ya Bile Beans ya ku Leeds inkalengeza kuti katswiri wa sayansi wotchedwa Charles Forde anatulukira chomera chodabwitsa chimene eni nthaka a ku Australia ankachiritsira matenda. Mu 1905 kampaniyo inasumira wogulitsa mankhwala wina wa ku Edinburgh chifukwa chogwiritsa ntchito dzina lofanana, koma m'khothimo zinaululika kuti katswiriyo kunalibe, chomera chachinsinsicho kunalibenso. Woweruza anataya mlanduwo ponena kuti malondawo anamangidwa pa bodza. Mukuganiza kuti anatseka? Anagulitsabe mpaka m'zaka za m'ma 1980. Onaninso kuseketsa kwake: mzungu wa ku Leeds ankamugulitsa mankhwala pomuuza kuti ndi nzeru za anthu akuda akutali, pamene munthu wakuda ankamugulitsa pomuuza kuti ndi nzeru za azungu. Eni Bile Beans omwewo ndi amene anayambitsa Zam-Buk, kachitini kobiriwira kaja kamene matchona ankabwera nako kuchokera ku Joni limodzi ndi bulangete ndi sutikesi yachitsulo. Iko kalibe vuto likakhala la milomo yosweka kapena khungu louma.

Ndisanamizire onse. Pa shelefu yomweyo panali mankhwala enieni, ndipo wamkulu wa onse anali kwinini. Popanda iye azungu ambiri sakanakhalitsa m'chigwa cha Shire. David Livingstone anali ndi msakanizo wakewake wa malungo: kwinini, jalap, rhubarb ndi calomel. Kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London, imene inayamba mu 1880 n'kutchuka ndi mibulu yofinyidwa ndi makina yotchedwa Tabloid, inkagulitsa msakanizowu pa dzina lakuti Livingstone Rousers. Awa sanabise zosakaniza. Koma mwa zinayizo, chopha tizilombo ta malungo ndi kwinini yekha. Zitatu zinazo n'zotsegula m'mimba, ndipo calomel ali ndi mercury, amene akachuluka m'thupi amatupitsa nkhama n'kugwedeza mano. Livingstone sitingamudzudzule kwambiri, poti anamwalira mu 1873, pamene dokotala Ronald Ross anadzatsimikiza mu 1897 kuti udzudzu ndi umene umanyamula tizilombo ta malungo. Chimene chinkagulitsa mibuluyo zaka zambiri iye atapita chinali dzina lake.

Oopsa kwenikweni anali otonthoza. Mrs Winslow's Soothing Syrup, wa ana omera mano, anali ndi morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu amene amagonetsanso. Mwana ankagonadi, ena osadzukanso. Chlorodyne, amene anapangidwa ndi dokotala wa asilikali a Britain ku India, anali ndi morphine, chloroform ndi chamba. Ankaletsadi kutsegula m'mimba ndi kupweteka, koma anthu ankakodwa naye osatha kumusiya. Ngakhale gripe water amene amayi athu ankamudalira uja, kale ankakhala ndi mowa pang'ono.

Malamulo anabwera mochedwa, mwapang'onopang'ono. Ku America, lamulo la 1906 linakakamiza kuti zinthu zoopsa monga morphine ndi mowa zizilembedwa pa botolo. Ku Britain analetsa kusatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana mu 1917, a khansa mu 1939, ndipo mu 1941 ndi pamene analamula kuti zosakaniza zizilembedwa pa bokosi, msonkho wa chidindo uja n'kuthetsedwa chaka chomwecho. Kuno kwathu, lamulo la 1988 linakhazikitsa bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy, Medicines and Poisons Board, limene linalowedwa m'malo ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority potsatira lamulo la 2019.

Choncho kabokosi kamene mayi aja anasankha kali ndi chinthu chimene ka Beecham ka mu 1909 kanalibe. Pansi pa dzina lalikulu lokongoletsedwalo pali tizilembo ting'onoting'ono totchula mankhwala enieni ndi mlingo wake. Ndinawalozera ndi chala, n'kuika kathumba koyera kaja pambali pake kuti ayerekeze okha. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko, n'kuseka. "Ndaona adokotala. Koma lero ndipatseni womwewu, ndi umene bambo a kunyumba amaudziwa."