Zithunzi za pa matailosi m'mawodi a ana

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mwana akagonekedwa m'chipatala ku Britain ankatha kukhalamo masabata kapena miyezi, makolo n'kumaloledwa kudzamuona mwa apo ndi apo. Tsiku lonse maso ake ankangokhala pakhoma.

Koma pakhomapo sipankafunika chilichonse chosunga fumbi. Kuchokera pa ntchito ya m'ma 1860 ya dokotala wa maopaleshoni Joseph Lister, madokotala anali atayamba kuopa tizilombo toyambitsa matenda, ndiye wodi inkayenera kutsukika paliponse. Matailosi opaka galasi anathetsa mavuto awiriwo pakamodzi: wojambula ankapenta chithunzi pa matailosi ambirimbiri, n'kuwawotcha mu uvuni, ndipo utoto sunkasuluka ngakhale akolope ndi mankhwala tsiku ndi tsiku.

Kampani ya Doulton ya ku Lambeth mu London ndiyo inatchuka nazo. Ojambula a kampaniyi, Margaret Thompson ndi William Rowe, anajambula nthano ndi nyimbo za ana: kamtsikana kofunafuna nkhosa zake, ana awiri opita kukatunga madzi paphiri. Zina zinamatidwa pa St Thomas' Hospital, kufupi ndi fakitaleyo, zina pa Royal Victoria Infirmary ku Newcastle, yomwe inatsegulidwa mu 1906. Zinawolokanso nyanja: chipatala cha ana cha ku Wellington, New Zealand, chinatsegulidwa mu 1912 chili ndi zithunzi 18.

Kulimba komweko ndi kumene kunadzavutitsa anthu nyumbazi zitakalamba. Amisiri akale anamata matailosiwo ndi simenti yolimba kuposa tailosi lenilenilo, moti ukangoti ulitokose ndi chitsulo limasweka simenti ili chikhalire. Choncho opulumutsa zithunzizi amayamba amata nsalu kumaso kwa chithunzi kuti zidutswa zisamwazike, kenaka amacheka khoma kumbuyo ndi sowo ya dayamondi. Akatsitsa chibenthucho amapala simenti pang'onopang'ono, tailosi lililonse lili ndi nambala yake, n'kudzalumikiza zonse pa bolodi lopepuka loti n'kunyamulika. Ndi ntchito yodya nthawi ndi ndalama, ndipo akuluakulu a chipatala akafunsa ngati ndalamazo sizikanagula mabedi, sitingati funsolo n'lopusa.

Ku Wellington nyumba yakaleyo inagumulidwa, koma zithunzizo zinachotsedwa kaye, ndipo zina zinapachikidwanso m'chipatala cha mumzindawo. Ine ndimaona kuti anachita bwino osazitsekera zonse kumyuziyamu, chifukwa anazijambulira mwana wodwala amene wagona chagada, alibe womucheza.