Ng'oma ya ku Harlem ndi mkangano wa ndakatulo zapakamwa

Mu February 2023, J. Ivy wa ku Chicago adakhala woyamba kulandira Grammy, mphotho ya zoimba ya ku America, ya chimbale cha ndakatulo zapakamwa. Kale alakatuli ankaunjikidwa m'gulu limodzi ndi mabuku owerengedwa mokweza, momwe ankapambana anthu ngati Jimmy Carter ndi Barack Obama. Mphothoyi idautsanso mkangano wakale: ndakatulo yodalira mawu a mwini wake n'ndakatulo ndithu?

Pofotokoza chiyambi cha ndakatulo zotere, ena amayambira pa mlakatuli wa ku America Langston Hughes, yemwe mu 1958 adajambula ndakatulo zake ndi oimba jazz monga Charles Mingus. Koma tsiku lenileni ndi 19 May 1968, lokumbukira kubadwa kwa Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, pasanathe miyezi iwiri Martin Luther King ataphedwa. Abiodun Oyewole, Gylan Kain ndi David Nelson adaima pa Mount Morris Park ku Harlem, dera la mu mzinda wa New York, n'kumalakatula molandizana. Dzina la gulu lawo lakuti The Last Poets lidachokera m'ndakatulo ya Keorapetse Kgositsile wa ku South Africa.

Pa chimbale chawo cha 1970 pali mawu ndi ng'oma basi. Mmodzi amatsogolera, anzake akubwereza mzere umodzi pansipansi, ndipo wolakatula amapuma pomwe ng'oma yamusiyira mpata, osati pomwe mzere wathera papepala. Womvera amamva mpweya wa munthuyo ukutha, n'chifukwa chake zimam'fika ngati akuuzidwa yekha.

Apa mbiri imavuta. Mwa oyambitsa aja, pa chimbalecho pali Oyewole yekha, pamodzi ndi Jalal Nuriddin ndi Umar Bin Hassan. Kain ndi Nelson adapitiriza kwaokha ndi Felipe Luciano, akulimbirana dzina lomwelo. Zambiri za kugawanikaku zimachokera pakamwa pa eni ake, ndipo aliyense amakokera kwake.

Mipikisano yolakatula pamaso pa anthu, yotchedwa slam, idabwera mochedwa. Marc Smith adaikhazika ku malo achisangalalo a Green Mill ku Chicago mu 1986, ndipo malamulo omwe adadzafala ndi awa: mphindi zitatu, popanda zoimbira, oweruza asanu otoledwa mwa omvera, aliyense apereke mapointi 0 mpaka 10, apamwamba ndi otsika atayidwe. Mu 2000, katswiri wounika zolembalemba Harold Bloom adati imeneyi ndi imfa ya luso. Sadaphonye kotheratu. Woopa kudulidwa mapointi amathamanga n'kumeza mawu, ndipo ambiri amatsiriza ndi kukuwa chifukwa kukuwako n'komwe kumagwedeza oweruza. Komatu lamulo loletsa zoimbira lidachotsa ng'oma ija, alakatuli akuda n'kuisenzetsa lilime, ntchito yosachepa konse. Patricia Smith, yemwe adapambana kanayi payekha pa National Poetry Slam, mu 2021 adalandira Ruth Lilly Poetry Prize kuchokera kwa anthu omwe amaweruza ndakatulo papepala.