Fungo la petulo m'galimoto yakale: momwe timapezera pamene mpweya wa m'thanki ukuthawira

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likayamba kuswa mtengo mu Lilongwe muno, kugalaja kumachuluka anthu obwera ndi dandaulo limodzi: galimoto ikununkha petulo, koma pansi pamene yagona sipakuoneka dontho ndi limodzi lomwe. Ambiri amafika atauzidwa kale kuti galimoto yakale imanunkha choncho basi ndipo angozolowera. Ine mawu amenewa ndimawakana. Galimoto ya petulo, ngakhale ya zaka 25, inapangidwa kuti mpweya wa m'thanki usatulukire kunja, ndipo ngati mphuno yanu ikuumva ndiye kuti penapake pali chibowo kapena chipangizo chimene chasiya ntchito, ndipo malo amenewo akhoza kupezeka.

Petulo sachedwa kusanduka mpweya, makamaka kukatentha kapena akamakhutchumuka m'thanki pamsewu wa maenje. Mpweyawo ukanatsekeredwa thanki ikanafufuma, ndipo ukanangotayidwa kunja tikanataya mafuta komanso kuipitsa mlengalenga. N'chifukwa chake kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, opanga magalimoto, poyamba a ku America, anayamba kuika kabokosi kodzaza makala okonzedwa mwapadera, kamene amakaniko timakatchula kuti kanisita. Paipi yochokera pamwamba pa thanki imatengera mpweya wa petulo ku kanisitayo, makala n'kuugwira ngati mmene thonje limamwera madzi. Injini ikatentha bwino galimoto ili paulendo, valavu ina imene timaitchula kuti purge valve imatseguka, injini n'kukoka mpweya uja ndi kuuwotcha limodzi ndi mafuta ena onse. Kanisitayo ilinso ndi polowera mpweya wabwino wakunja, womwe umatsuka makala aja kuti akhale okonzeka kugwiranso wina. Njira yonseyi, kuphatikizapo thanki, khosi lothirira mafuta ndi chitsekerero chake, m'mabuku a zamagalimoto imalembedwa kuti EVAP.

Pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri a kuno amene amafufuza vutoli pa intaneti. Zambiri zimene amawerenga zimanena za magalimoto opangidwira msika wa ku America, kumene kuyambira 1996 lamulo linakakamiza kuti galimoto izidziyeza yokha kudzera m'dongosolo la OBD-II. Zambiri mwa galimoto zoterozo zili ndi sensa yoyeza mphamvu ya mpweya m'thanki ndi valavu yachiwiri yotseka polowera mpweya wakunja, motero kompyuta imatha kutseka njira yonse, n'kuona ngati ikusunga mpweya. Ikapeza vuto imayatsa nyali ya check engine ndi kusunga nambala: P0455 ngati chibowo n'chachikulu, P0442 ngati chili chapafupifupi milimita imodzi, P0456 ngati chili chatheka la milimita, ndi P0441 ngati kukoka kwa mpweya kupita ku injini sikukuyenda bwino. Koma galimoto zambiri zimene zadzaza misewu ya Lilongwe, monga Vitz, Passo, Sienta, Demio ndi Corolla zakale zolowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, zinapangidwira msika wa ku Japan, ndipo zochuluka mwa izo zili ndi kanisita ndi purge valve koma zilibe zida zodziyezera chibowo. Mukhoza kulipira ndalama zoika galimoto pa kompyuta, n'kuuzidwa kuti palibe vuto lililonse, pamene ana kumpando wakumbuyo akudandaula mutu. Pa galimoto zoterezi chida choyamba ndi mphuno, maso ndi mafunso abwino.

Ndisanagwire sipanala ndimayamba ndatsimikiza kuti chimene chikutuluka ndi mpweya osati petulo weniweni wamadzi, chifukwa petulo wodontha pafupi ndi injini kapena ekizozi yotentha ndi ngozi ya moto ya tsiku lomwelo, ndipo galimoto yotero siyenera kuyendanso mpaka itakonzedwa. Injini ndimailiza, n'kuunika ndi tochi m'mbali mwa mainjekita, pa fyuluta ndi m'mapaipi onse a pansi. Ntchito imeneyi imachitikira panja kapena pamalo opita mphepo, kutali ndi wowotcherera zitsulo, mbaula ndi wosuta fodya. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho umatsika n'kukadikha m'dzenje lokonzeramo galimoto, ndipo kamoto kakang'ono n'kokwanira kuuyatsa. Mulinso benzene, mankhwala amene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi kwa munthu wowapuma nthawi yaitali.

Kenako ndimafunsa mwini galimoto nthawi imene fungolo limamveka, pakuti yankho lake limandichepetsera ntchito ndi theka. Fungo lobwera thanki ikangodzazidwa, n'kutha mafuta akatsika, limaloza kumtunda kwa thanki: khosi lothirira, kapaipi kopumira kamene kamayenda m'mbali mwake, kapena labala yotseka pakamwa pa pampu ya mafuta. Fungo lobwera masana galimoto itaima padzuwa, mafuta kaya ndi ambiri kaya ndi ochepa, limaloza ku kanisita kapena mapaipi ake. Galimoto yovuta kulira mukangochoka kuthira mafuta, kapena yonjenjemera ikaima pa maloboti, imandipangitsa kukayikira purge valve imene yakanirira chotsegula ndipo ikulowetsa mpweya wa petulo mu injini pa nthawi yosayenera.

Chitsekerero cha thanki ndicho choyamba kuchiona chifukwa n'chotsika mtengo ndipo chimalakwa kawirikawiri. Labala yake ikauma imachita ming'alu yopyapyala imene imaoneka mukaipinda pang'ono ndi chala, ndipo pakamwa pa khosi la thanki pakachita dzimbiri kapena pakapindika chifukwa cha fanulo yachitsulo yothirira mafuta a m'zigubu, ngakhale chitsekerero chatsopano sichigwira. Chitsekerero chilichonse chongokwana pakamwa si ndiye kuti n'choyenera, pakuti chenicheni chili ndi kavalavu kake mkati kolola mpweya kulowa thanki ikamakoka.

Pa mapaipi m'pamene pamafunika kudekha. Petulo wa m'Malawi muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo labala yakale, imene yaphikidwa kale ndi kutentha kwa zaka zambiri, imauma ndi kung'ambika msanga kumapeto kumene yavekedwa pa chitsulo. Makoswe nawonso amatafuna mapaipi a galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena dzala. Mwayi wathu ndi fumbi lofiira la m'misewu ya kumakwalala kwathu, chifukwa limamatirira pamalo pamene pakutuluka chinyezi cha petulo n'kusiya banga lakuda pakati pa fumbi louma. N'chifukwa chake ndimapempha eni galimoto kuti asaitsukitse kunsi asanabwere nayo.

Chaka chatha kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa ku Area 25, ndi Corolla yakale imene inkanunkha kwambiri mkati moti ankayenda mawindo ali chitsegulire ngakhale pa fumbi. Anandiuza kuti, "Bambo, ndapita kuwiri konse, andisinthira chitsekerero ndi mapulagi, koma ana akusanzabe m'galimotomu." Nditafunsa za ntchito zimene zinachitikapo kale, anakumbukira kuti miyezi ingapo m'mbuyomo anasinthitsa pampu ya mafuta. Tinachotsa mpando wakumbuyo ndi kachitsulo kovundikira, ndipo pamwamba pa thanki panali banga lakuda lozungulira pakamwa pa pampu, fumbi litanyowa ngati phala. Amene anasintha pampuyo anabwezeretsa labala yakale yomweyo, itaphwatalala ndi kupindika mbali imodzi, ndipo mabawuti awiri anali osamanga. Titatsegula boneti tinapezanso kuti paipi yochokera ku kanisita inatsekedwa ndi bawuti womangidwa ndi waya. Mpweya unalibe kolowera, ndiye unkakankha pamalo ofooka aja, pansi penipeni pa mpando wa ana.

Purge valve ndi yosavuta kuiyeza. Mukaichotsa, isanalandire magetsi iyenera kukhala yotseka, ndipo kapampu kam'manja kokoka mpweya kayenera kusonyeza kuti ikugwira osaphonya. Mukailumikiza kwa kanthawi ku batire la mavoti 12 imalira kuti "tha" n'kutseguka. Ikamadutsitsa mpweya popanda magetsi, kapena ikakhala chete italandira magetsi, yatha ntchito. Mukapeza timakala takuda mkati mwake, dziwani kuti kanisita yasweka mkati, ndipo valavu yatsopano idzafanso msanga ngati kanisitayo ndi mapaipi ake sizikonzedwa.

Chimene chimapha makanisita ambiri mu mzinda uno ndi chizolowezi chathu cha pa filing'i sitesheni. Munthu amene wagona pamzere wa mafuta usiku wonse safuna kuchoka ndi thanki yosadzaza, ndipo zimenezi n'zomveka, koma pampu ikadzidula yokha n'kumauza wothira kuti awonjezere, ena mpaka kugwedeza galimoto kuti mulowe lita ina, timadzaza mpata umene opanga anausiya dala pamwamba pa thanki kuti mafuta azifufumiramo kukatentha. Petulo wamadzi amakwera m'paipi ya mpweya n'kukamiza makala, amene anapangidwira mpweya wokha. Kanisita yotero imalemera m'manja, imanunkha kwambiri polowera mpweya wakunja, ndipo nthawi zina imadontha. Vuto lina ndi losiyana ndi limeneli: polowera mpweya pakatsekeka ndi matope kapena chisa cha tizilombo, thanki imalephera kupuma, ndipo mukatsegula chitsekerero mumamva mpweya ukulira kwa nthawi yaitali kuposa kaphokoso kochepa kamene kali kachibadwa pa galimoto zambiri.

Zonsezi zikaonedwa koma chibowo osapezeka, timagwiritsa ntchito makina a utsi. Timatseka polowera mpweya wakunja, n'kulowetsa utsi woyera m'mapaipi ndi mphamvu yochepa kwambiri, yosakwana psi imodzi (muyezo womwe timapimira mpweya wa m'matayala), kenako n'kumatsatira njira yonse ndi tochi yowala mpaka titaona kautsi kakutuluka ngati ulusi. Thanki ikakhala yosadzaza kwambiri utsi umafika pamwamba pake mosavuta. Kumene kulibe makinawa, kapampu kam'manja ndi madzi a sopo zimathandiza, pakuti thovu limatupa pamene pali chibowo. Chimene sindilola mnyamata aliyense wophunzira ntchito kuchita ndi kulumikiza kompuresa yopopera matayala, chifukwa mphamvu yake ikhoza kung'amba thanki, kuwononga sensa ndi kutulutsa mpweya wambiri woyaka nthawi imodzi. Utsi wa ndudu kapena wa chinthu chilichonse choyaka usayandikire n'komwe.

Pokonza, paipi yowonongeka isinthidwe ndi paipi yopangidwira mafuta, osati ya madzi kapena yopopera mankhwala m'munda imene petulo amaifewetsa m'masabata ochepa, ndipo labala ya pakamwa pa pampu ikhale yatsopano nthawi iliyonse pampuyo ikatsegulidwa. Kanisita yogula pa zida zakale ku Biwi kapena ku Malangalanga muinyamule m'manja, muinunkhize ndi kuigwedeza musanalipire, kuti musagule yomira kale kapena yothothoka makala. Pa galimoto zodziyeza zokha, kufufuta nambala pa kompyuta sikutsimikizira kuti ntchito yatheka, chifukwa kompyuta imabwereza kuyeza pokhapokha injini italizidwa itazizira ndipo mafuta ali pakatikati, nthawi zambiri pakati pa 15 ndi 85 peresenti ya thanki, motero pamatenga masiku angapo kuti nyali ibwerere ngati chibowo chikadalipo. Pa galimoto zosadziyeza, ndimachita zimene ndinachita ndi Corolla ya mayi aja: ndinawapempha kuti akathire mafuta mpaka pampu idzidule yokha kamodzi, aimike galimoto padzuwa mawindo ali otseka kwa maola awiri, kenako abwere nayo tidzatsegule chitseko limodzi ndi kuchotsanso mpando. Fumbi la pamwamba pa thanki tinalipeza louma.